Injini ya Amalume Ndinaimanga Ndine, Ndinaiphanso Ndine

Ndine makanika wa m'tauni ya Milange, ndipo nkhani yanga ndi ya bodza limene ndinanamizira msuweni wanga pamaso pa bambo ake omubereka. Sindinamumenye, sindinamubere kanthu, sindinapite kwa sing'anga aliyense. Ndinangogwiritsa ntchito pakamwa pangapa, koyamba kuseri, kenako pagulu, ndipo zimenezo zinakwanira kuswa ubale wa bambo ndi mwana wake. Chinandichititsa ndi nsanje. Ndayesapo kuipatsa mayina ena omveka bwino, koma dzina lake ndi lomwelo. Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi luso limene abale anu amalidalira, ndimvetsereni mpaka ndimalize.

Ine ndinaleredwa ndi amalume, a Bonifasiyo, mlongo wawo wa mayi anga. Bambo anga ukwati utatha anatenga jekete lawo n'kubwerera kwawo monga amachitira akamwini, ine ndikadali wamng'ono. Amene ankandigulira zovala, kundikalipira ndiponso kunditengera kuchipatala anali amalume. Sukulu itandikanika, poti ine ndi Chipwitikizi sitinkamwerana madzi, ndi iwo amene anandigwira dzanja n'kukandisiya kwa mmisiri wina wokonza magalimoto kuti ndiphunzire ntchito. Nditaidziwa ntchitoyo anayamba kundiitana kuti mesitire, kutanthauza mmisiri. Ndikati bambo, mumtima mwanga munkabwera nkhope yawo.

Amalumewo anali ndi pikapu, karinya monga timanenera kuno, yoyera ya dizilo imene anaigula ku Mocuba ili yakale kale. Inkanyamula chimanga, nandolo, odwala, akwati ndi maliro omwe. Kawotchi kowerenga makilomita kanafa ine ndisanamere ndevu, choncho panalibe amene ankadziwa kutalika kwa mtunda umene inayenda. Tinkangodziwa kuti m'misewu ya ku Molumbo ndi ku Mongue mulibe dzenje limene sinagweremo. Sipanala ndinaphunzirira pa galimoto imeneyo. Kwa zaka zambiri ndinkaisunga yamoyo ndi waya, mphira wa machubu ndi zitsulo zotola, ndipo ikatsokomola ndinkadziwa chavuta ndisanatsegule boneti.

Mukudziwa inu kuti kwathu kuno katundu wa malume amapita kwa ana a mlongo wake, ngakhale masiku ano ena akutsutsa. Ine sindinanenepo ndi pakamwa, koma mumtima pikapu ija inali yanga kale, amalume ankangondisungira. Ngakhale mawu oti ndidzalembe kumbuyo kwake ndinali nditasankha kale.

Kenako kunabwera Armando. Ameneyu ndi mwana wa amalume wa ku ukwati wawo woyamba, amene anakulira kwa mayi ake ku Mongue. Tinkangoonana pa maliro. Mayi ake atamwalira anabwera kudzakhala ndi bambo ake m'tauni, ali munthu wamkulu ndithu, ali ndi chiphaso choyendetsera galimoto chimene anachipeza akugwira ntchito m'malole. Apa ndinene chilungamo, Armando anali munthu wabwino. Ankapatsa moni aliyense, ankaseka ndi ana, ankanditcha mano, monga timaitanira mkulu wathu kuno, ndipo akamachokera kumsika ankandisiyira nthochi pamalo anga a ntchito. Ndikanakonda akanakhala wamwano, bwenzi lero ndili ndi pobisala.

Amene anasintha ndi amalume. Munthu amene sankaseka wamba anayamba kusekerera ngati wapatsidwa mano atsopano. Chiganizo chilichonse chinkayamba ndi mwana wanga, n'kutha ndi mwana wanga. Masana ankakhala awiriwiri pakhonde akucheza m'Chilomwe cha kwa mayi ake a Armando, chimene ine ndimangomva mwa apo ndi apo. Ndikafika ankandilandira bwino ndithu, koma nkhani inkasintha, ndipo ine ndinkadzimva kuti ndine mlendo pakhonde pamene ndinakulira.

Chimene chinandilasa kwenikweni chinachitika tsiku lina tikupita ku maliro ku Mongue. Kuyambira kale woyendetsa ndinali ine, amalume pambali panga. Tsiku limenelo ndinafika n'kupeza Armando wakhala kale pa chiwongolero, amalume pambali pake, mayi anga kukhomo. Amalume anangoloza kumbuyo ndi chala, osaganiza n'komwe kuti pali cholakwika. Ndinakwera kumbuyoko pamodzi ndi azimayi a kwaya ndi matumba a ufa. Ulendo wonse ndinkamva Armando akusintha magiya mochedwa, injini ikulira, ine ndikumeza fumbi. Azimayi aja ankaimba, ine ndinkangoyang'ana makosi a anthu awiri aja kudzera pa galasi lakumbuyo.

Nthawi imeneyo n'kuti injini itatheratu. Inkatulutsa utsi wabuluu moti wa njinga akakhala kumbuyo kwake ankatukwana. Oyilo inkamwa ngati dizilo. M'mawa kuti ilire pankafunika anthu okankha, ndipo pa chitunda inkachita kupempha. Tsiku lina amalume anabwera kuntchito kwanga, anakhala pa tayala n'kundiuza kuti agulitsa mbuzi zawo zonse ndi njinga yamoto, akufuna injini itsitsidwe imangidwenso yonse.

“Ndikufuna ndimusiyire Armando chinthu chamoyo,” anatero. “Iwe mesitire uli ndi ntchito m'manja, sungagone ndi njala. Mnzakoyu alibe kanthu, ndipo ine sindinamulere.”

Inu owerenga, mawu amenewo anali anzeru ndipo ine ndinadziwa kuti ndi anzeru. Koma anandilowa ngati minga. Ndikanatha kunena pomwepo kuti amalume, zandiwawa. Anali munthu womva, tikanakambirana. M'malo mwake ndinamwetulira n'kunena kuti palibe vuto, tiyamba mawa.

Ntchito ndinaigwira ndi mtima wonse, pamenepo musandikayikire. Tinaimika mitengo ya bulugamu, tinakoka injini ndi tcheni n'kuikhazika pansi. Ndinayala masaka n'kumaika chitsulo chilichonse m'ndondomeko yake, chifukwa mu injini chilichonse chimabwerera pamene chinachoka. Zimene ndinapeza m'katimo zinali zomvetsa chisoni. Mapisitoni anali bii, maring'i ena atathyoka, mabering'i atadyeka mpaka kuoneka mkuwa. Kirankishafuti, chitsulo chachikulu chimene chimazungulira pansi pa injini, chinali ndi mikwingwirima yoti chala chinkakodwamo.

Kuno kulibe makina osalaza zitsulo zoterozo, choncho tinanyamula buloko, thupi lenileni la injini, ndi kirankishafuti kuwoloka pa Muloza mpaka ku Limbe. Amene anandiperekeza ndi Armando. Anasenza nane zitsulozo osadandaula, anakangana ndi kondakitala m'malo mwanga, anandigulira chimanga chootcha panjira. Tikubwerera anandiuza kuti kuyambira ali mwana ankalakalaka atakhala ndi mchimwene, ndipo tsopano wamupeza. Ine ndinangoti zikomo n'kuyang'ana minda ya tiyi pawindo. Munthu amene ukumuchitira nsanje akamakukonda, nsanjeyo sichepa, imangowonjezera ukali chifukwa umasowa pomugwira.

Titabwerako ndinatsuka njira zonse za oyilo n'kuzipopa ndi pampu ya njinga mpaka zitayera. Ndinaika mapisitoni atsopano, maring'i atsopano, mabering'i oyenerana ndi muyeso watsopano, gasiketi yatsopano yotseka madzi ndi oyilo kuti zisatuluke. Bawuti iliyonse ndinaimanga mwa dongosolo lake, kuyambira pakati kupita kunja. Armando ankatsuka zitsulo m'beseni la dizilo, akufunsa mafunso osatha. Amalume ankabwera ndi mpando wawo kudzaonerera, ndipo aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumuuza kuti tikukonza galimoto ya Armando. Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri ndili chigonere pansi pa galimotoyo, oyilo akundidonthera kumaso.

Tsiku loiliza anthu anasonkhana ngati pali gule. Ndinatembenuza kiyi, inalira nthawi yomweyo, mawu ake osalala, utsi kulibe. Moyo wanga wonse sindinamangepo injini yabwino ngati imeneyo. Amalume anadzuka pampando n'kuvina pang'ono, ukalamba ataiwala. Anandigwira paphewa n'kunena kuti wagwira ntchito mesitire. Kenako anazula makiyi, ali pa kawaya ka mkuwa kamene ndinapota ine ndekha ndili mnyamata, n'kuwaika m'manja mwa Armando, n'kumukumbatira. Anzanga apantchito sanachedwe kundiseka, amati ndamangira mnzanga nyumba ine ndikugona panja. Ndinaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Madzulo ake mayi anga anawonjezera, akupeta mpunga osandiyang'ana, kuti ndiye kuti ine ndidzakhala wokonza, wokwera akhale mwana wa eni.

Tsopano mumvetse bwino apa, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa. Injini yongomangidwa kumene imakhala yothina. Zitsulo zatsopano zimafuna nthawi kuti zizolowerane. Imayenera kuyenda pang'onopang'ono, yopanda katundu, osaikakamiza pa zitunda. Ikayenda choncho kwa kanthawi, imabwerera kwa makanika kuti ataye oyilo woyambayo, amene amakhala ndi tizitsulo tosalala, ndiponso kuti amangenso mabawuti apamwamba, chifukwa injini ikatentha n'kuzizira kangapo amakhwefuka. Makanika aliyense amadziwa zimenezi, ngakhale wophunzira kumene. Tsiku loiliza lija ndinanena pamaso pa onse kuti iyambe yayenda yopanda katundu. Koma sindinanene kuti mpaka liti, ndipo wonena kuti tsopano yakwana ndinali ine ndekha.

Inali nyengo ya nandolo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ogula anali atadzaza m'tauni ndi masikelo awo, magalimoto a anthu ena akupita ku Molumbo opanda kanthu n'kubwerako atalemedwa. Armando ankangozungulira m'tauni ndi pikapu yopanda kanthu monga ndinanenera, anthu akumufunsa ngati galimotoyo ndi yokwera pa ukwati basi. Patapita masiku ochepa anabwera kuntchito kwanga. Anandipeza ndili pansi pa minibasi ya munthu wina, panalibenso wina aliyense. Ndinkangoona mapazi ake ndi kumva makiyi aja akulira m'manja mwake.

“Mano, karinya ija yapuma mokwanira? Kuli anthu ku Molumbo akundidikira ndi nandolo. Koma mukati ayi, ine sindipita.”

Oyilo ndinali ndisanasinthe. Mabawuti ndinali ndisanamangenso. Msewu wa ku Molumbo ndinkaudziwa, zitunda zake ndi mchenga wake, ndipo ndinkadziwanso kuti kawotchi koonetsa kutentha kwa injini kankanama, poti ndinali ndisanakakonze. Zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga bwinobwino, sindinaiwale ngakhale chimodzi. Ndinayankha ndili pansi pomwepo, osatulutsa nkhope.

“Injini ndi yatsopano, ukuopa chiyani? Dzaza, ukaione mphamvu yake.”

Anandithokoza, mapazi aja n'kuchoka.

Mwina mukufunsa kuti ndinkafuna chiyani. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinkangofuna imuvute pang'ono panjira, achite manyazi, amalume aone kuti galimotoyo popanda ine si kanthu. Koma ndikanena kuti sindinkadziwa kuti ikhoza kufa, ndikhala ndikunamanso. Ndinkadziwa. Mumtima mwanga munali mawu akuti ngati si yanga, isakhalenso ya wina.

Mawa lake masana kunabwera munthu wa njinga yamoto kudzandiuza kuti pikapu yaima pa chitunda china pobwerera ku Molumbo. Ndinapita naye. Ndinapeza Armando atakhala pansi m'mbali mwa msewu, manja atapsa ndi madzi a radiyeta, eni nandolo atamuzungulira akumulalatira. Injini inatentha pokwera, gasiketi inaphulika, madzi onse anatha iye osadziwa, kawotchi kaja kakumuuza kuti zonse zili bwino, mpaka injini inanoka n'kuuma gwa. Atandiona anadzuka msangamsanga ngati waona mpulumutsi. Tinaikoka ndi thirakitala mpaka kunyumba. Nditatsegula ndinapeza mapisitoni anga atsopano aja atasungunuka n'kumatirira m'kati, kirankishafuti itapsa mpaka kusintha mtundu. Zinandiwawa kuona ntchito yanga itatero. Koma pansi pa kuwawako panali kachisangalalo, ndipo kameneko ndi kamene kamandichititsa manyazi mpaka lero.

Amalume anaitanitsa abale kuti nkhaniyi ikambidwe. Tinakhala pabwalo la nyumba yawo, mayi anga, azakhali ena obadwa nawo mayi angawo, ndi ana awo. Nkhope ya amalume inali itagwa, chifukwa mbuzi zinali zitapita, njinga yamoto itapita, ndipo panalibenso china choti agulitse. Anafunsa Armando chifukwa chimene ananyamulira katundu atamva yekha kuti asatero. Armando anayankha mosatekeseka kuti anafunsa kaye mano, ndipo mano anamulola. Ananena ngati munthu amene akudziwa kuti nkhani yatha, poti mboni yake ili pomwepo. Anthu onse anatembenukira kwa ine.

Inu owerenga, pamenepo Mulungu anandipatsa khomo lotulukira. Ndikanangoti zoona, ndinalakwitsa ndine. Amalume akanandikalipira, mwina akanandinyanyalira mwezi, koma tikanadzamanganso ina. Ine m'maso muli gwa ndinati, “Ine ndinanena pamaso pa nonsenu kuti isanyamule katundu. Za kulolazo sindikuzidziwa.”

Sindinafunikenso kuwonjezera, ntchito yotsalayo anaigwira ndi abale anga. Mayi anga anayamba, azakhali analandira. Amati mwana wa kwina wabwera kudzamaliza chuma cha mlongo wathu, amati kuthamangira ndalama za nandolo, amati pamwamba pa kupha galimoto akufunanso kuipitsa dzina la mwana wathu. Apa m'pamene mwambo wathu unandigwirira ntchito yoipa. Pabwalo lonselo tonse tinali a bere limodzi kupatula Armando. Abale ake a kuchikazi, amene akanamuyankhulira, anali ku Mongue. Ine ndinali ndi mboni zodzaza mphasa ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene analipo pamene tinkalankhulana, iye analibe aliyense koma bambo ake okha.

Amalume anatiyang'ana tonse awiri. Ine anandilera, ankandidziwa kuyambira ndili wosavala. Armando anali atangomudziwa kumene. Pomaliza anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena motsitsa mawu kuti, “Za injini ndikanakukhululukira. Koma kunamizira msuweni wako amene wakuvutikira chonchi, ayi.”

Armando sanatsutse. Anandiyang'ana n'kundiitana kamodzi kokha, “Mano?” Ine ndinayang'ana pansi n'kumatokosa dothi ndi kamtengo. Anadikira pang'ono, kenako anaika makiyi pa mphasa patsogolo pa bambo ake n'kulowa m'nyumba. Sabata isanathe ananyamula chikwama chake n'kupita ku Nampula kukafuna ntchito ya malole.

Zimene ndinkafuna zija ndinazipeza zonse. Pakhonde paja ndinabwererapo. Amalume ankandiitana pa chilichonse, kukagula mankhwala, kukaona kumunda, kukhala nawo basi. Tsiku lina anandiuza kuti iwe ndiye mwana wanga weniweni. Mawu amene ndinawalakalaka kwa nthawi yonse ija anafika, koma sanakome. Anali ngati chakudya chimene wachiba kukhitchini, umadya ukumvetsera mapazi.

Musaganize kuti sindinkafuna kuulula. Ndinkafuna, koma tsiku lake ndinkangolisuntha. Ndinkati adikire mtima ukhale pansi. Kenako ndinkati mvula ithe. Kenako ndinati ndiyambe ndapeza zitsulo ndimangenso injini ndi thukuta langa, ndidzanene galimoto ikulira kuti mawuwo adzapepuke. Ndinapita kukalapa kutchalitchi, wansembe anandiuza kuti chikhululukiro cha Mulungu chilipo, koma ndipite ndikawauze amalume. Ndinaona kuti wansembeyo ndi wovuta, ndipo ulendo wotsatira ndinakalapa kwa wina, n'kungotchula machimo ang'onoang'ono.

Armando ankaimba foni miyezi yoyambirira. Amalume ankaiyang'ana ikulira mpaka itasiya, poti anali munthu wouma khosi akakhumudwa, ndipo ankadikira kuti mwanayo ayambe wavomera bodza lake. Armando sakanavomera chimene sanachite. Pang'ono ndi pang'ono foni ija inasiya kulira. Koma ine ndinkaona kuti lole ikamadutsa kuchokera ku Mocuba, amalume ankasiya kulankhula n'kuitsatira ndi maso mpaka itakhota. Thupi lawo linayamba kutsika, kuthamanga kwa magazi kunawagwira, mwendo umodzi unayamba kukoka.

Tsiku lina ndikuwameta pakhonde, tili awiri, anandigwira dzanja limene linali ndi lumo n'kundiyang'ana m'maso. “Tandiuza iwe mesitire, mwana uja ananamadi?”

Anafunsa mofatsa, mopanda ukali, ngati munthu amene akupempha kuti umuuze kuti ayi. Ndikhulupirira kuti akanamva zoona tsiku limenelo akanasangalala kuposa kukwiya, chifukwa mwana wawo akanabwerera kwa iwo. Ine ndinaona pakhonde paja, ndinaona Armando atakhalanso pamenepo akuseka nawo m'Chilomwe, ine nditaima patali ndi dzina la wabodza. Nsanje imene ndinkayesa kuti inafa inadzuka yonse. Ndinati, “Amalume, zimenezo zinapita, musadwale nazo.” Anasiya dzanja langa. Ndinamaliza kuwameta, ndipo sanadzafunsenso.

Anamwalira dzinja lotsatira, mvula ili pakati. Uthenga unamupeza Armando ali kutali ndi lole, milatho ina itadzaza, ndipo anafika titaika kale. Anapita kumanda yekha, anakhalako nthawi yaitali. Pogawa katundu panalibe mkangano. Akuluakulu ananena kuti pikapu ipite kwa mwana wa mlongo monga mwa mwambo, makamaka poti ndi amene anasamala malemu mpaka mapeto. Anthu anandiyamikira, ena anatchula dzina langa ngati chitsanzo kwa ana awo. Mayi anga anandipatsa makiyi akumwetulira. Armando anali pomwepo akuonerera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anadutsira kuntchito kwanga kudzatsanzika, chikwama chili paphewa. Anali ataonda, kuseka kuja kulibe. Ulendo uno ndinatuluka pansi pa galimoto n'kuima pamaso pake. Ndinayamba kunena kuti msuweni, pali nkhani imene ndakhala ndikufuna kuti ndinene. Anakweza dzanja n'kundidula, mopanda mkwiyo uliwonse.

“Mano, ine ndikuidziwa kale, ndinalipo. Amene ankafunika kuimva si ine.”

Anandigwira chanza n'kupita kukakwera basi. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso ku Milange, ndipo ndikaimba foni sayankha. Sindimuimba mlandu.

Pikapu ija ili kuseri kwa nyumba yanga, matayala anaphwa kalekale. Ndikudziwa chilichonse chimene chikufunika kuti ilirenso, ndipo zitsulo zake zimapezeka. Ndamanga mainjini a anthu ena ambiri chichitikireni zimenezi, koma boneti ya imeneyo manja amakana kutsegula. Obwera kudzaifuna kuti agule ndimawabweza, poti si yanga. Mayi anga nditawauza zoona anandipempha kuti ndisauze munthu, chifukwa nawonso analankhula zambiri pabwalo paja. Sindinawamvere. Ndinapita ku Mongue kukauza abale a Armando, ndinauzanso azakhali onse amene anamunyoza. Anandimva, ena anandilavulira, koma palibe chimene chinabwerera m'malo mwake.

Inu owerenga, ngati muli ndi luso limene mnzanu sangathe kulitsimikiza yekha, dziwani kuti akakufunsani amakhala waika moyo wake m'manja mwanu. Armando sakanatha kusuzumira mu injini kuti aone ngati ndikunena zoona, anangokhulupirira mano wake. Ndipo mukaona kuti mtima wayamba kuwawa chifukwa wina wapatsidwa chimene munkachiyembekezera, nenani msanga kwa mwini wake, ngakhale zikuchititseni manyazi. Manyazi a kunena kuti zandiwawa ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi amene ndasenza ine. Nsanje yobisa kumbuyo kwa kumwetulira imadikira tsiku limene muli awiri popanda mboni.

Koma chachikulu ndi ichi. Ngati pali munthu amene akusenza mlandu wanu pamene mukuwerenga nkhaniyi, musadikire mvula kuti ithe, musadikire kuti mupeze kaye chokonzera. Pitani lero kwa amene ayenera kumva, akadali ndi makutu. Ine ndinakanena kumanda, nditagwada m'matope, ndinafotokoza zonse bwinobwino osasiya kanthu. Koma amalume anapita akukhulupirira kuti mwana wawo ndi wabodza, ndipo zimenezo sindingazikonzenso.